Kulipiratu wailesi ya pa setilaiti pamene kampani ikuphatikizana ndi ina

Funso (la mu 2024): Ndimayendetsa thiraki kuno ku America. Banja lili ku Indiana koma ine masabata ambiri ndimakhala pa msewu. M'galimoto ndimamvera wailesi ya pa setilaiti ya SiriusXM, makamaka BBC World Service, mpira ndi tchanelo cha madalaivala. Nyengo imene ndinalipira ikutha mwezi wamawa, ndipo nditaimba foni anandiuza kuti ndikalipiratu nthawi yaitali mtengo utsikako. Koma ndamva kuti chaka chino cha 2024 kampaniyi ikuphatikizana ndi ina yotchedwa Liberty. Mnzanga wina akuti ndilipiretu msanga mitengo isanakwere, wina akuti ndisayerekeze n'komwe chifukwa ndalama zikhoza kulowa m'madzi. Ndimvere ndani?

Yankho: Achimwene, anzanu awiriwa aliyense wagwira mbali ya zoona, n'chifukwa chake mutu waima. Ine ndikuti musalipiretu kupitirira chaka chimodzi. Ngakhale chaka chimodzicho, lipirani ndi ndalama zimene muli nazo kale, osati za ngongole, ndipo akulembereni kaye zimene zidzachitike mukafuna kusiya pakati pa nyengo. Ndikufotokozerani chifukwa chake, pakuti kampani yomweyi inadutsa kale m'kuphatikizana kwenikweni mu 2008, ndipo tinaona ndi maso amene anapindula ndi amene analira.

Tiyambe ndi zimene mwamvazo, chifukwa sizoopsa monga mmene zikumvekera. Liberty Media si kampani ya wailesi ayi. Ndi kampani ya a John Malone imene kumayambiriro kwa 2024 inali ndi masheya oposa 80 peresenti a SiriusXM, itakhala mwini wake wamkulu kwa zaka zambiri. Zimene analengeza mu Disembala 2023 ndi zakuti gawo la Liberty limene limasunga masheya amenewa lichotsedwe ku Liberty n'kuphatikizidwa ndi SiriusXM, pakhale kampani imodzi yokhala ndi mtundu umodzi wa masheya pa msika. Ananenanso kuti dzina likhala lomweli, a Jennifer Witz apitiriza kutsogolera, masetilaiti ndi omwewo. Ndi nkhani ya eni masheya imeneyi, ndipo palibe chifukwa choti wailesi ya m'thiraki mwanu izime chifukwa cha iyo. Mnzanu wokuopsezaniyo, pa ichi chokha, waopa mthunzi.

Koma musafulumire kuthamangira kwa mnzanu winayo. Funso lanu lenileni ndi lakuti munthu akalipiratu amakhala wagula chiyani, ndipo yankho lake linaonekera poyera pakati pa 2007 ndi 2009.

Kale kunali makampani awiri. Bungwe loyang'anira za mauthenga ku America, la FCC, linapereka ziphaso ziwiri zokha mu 1997, n'kunena kuti kampani imodzi isadzakhale nazo zonse ziwiri. XM inayamba kuulutsa mu 2001, Sirius mu 2002. Anthu ankagula wailesi ya kampani imodzi ndipo sinkagwira mawu a inzake, chifukwa njira zoulutsira zinali zosiyana. Kenaka anayamba kulimbirana anthu otchuka ndi ndalama zimene analibe. Sirius inatenga woulutsa mawu wotchuka Howard Stern pa mgwirizano wa madola 500 miliyoni kwa zaka zisanu kuyambira 2006, inatenganso mpira wa chimereka wa ligi ya NFL. XM inatenga masewera a baseball ndi tchanelo cha Oprah Winfrey. Onse awiri ankalipiritsa $12.95 pamwezi ndipo onse awiri ankaluza chaka ndi chaka. Pa 19 Febuluwale 2007 analengeza kuti akufuna kukhala kampani imodzi.

Ndiye tamverani mmene zinachedwera. Unduna wa zachilungamo unavomereza pa 24 Malichi 2008. FCC inavomereza pa 25 Julayi 2008, makomishonala atatu atavomera, awiri atakana, ndipo ntchito inatha pa 29 Julayi. Miyezi 17 yonseyo anthu ankafunsa funso lanu lomweli. Wailesi yangayi idzagwirabe ntchito? Mtengo udzakwera? Ndilipiretu?

Amene analipiratu poopa kuti mtengo ukwera kampani ikakhala imodzi anapeza kuti FCC yawatchinjiriza kale popanda iwo kutulutsa kandalama kalikonse. Mwa zimene FCC inalamula kuti ivomereze, chimodzi chinali chakuti mtengo wa $12.95 usakwere kwa zaka zitatu. Unakweradi mu Januwale 2012, kufika pa $14.49. Munthu amene anapereka ndalama za zaka ziwiri mu 2007 chifukwa cha mantha a mtengo anagula ambulera ya mvula imene sinagwe m'nyengo yakeyo.

Komabe ndinene chilungamo, chifukwa apa ndi pamene mnzanu wokuuzani kuti mulipiretu ali ndi mfundo. Mtengo waukulu unaima, koma timitengo ta m'mphepete tinayenda. Mu Malichi 2009 mtengo wa wailesi yachiwiri pa akaunti imodzi unachoka pa $6.99 kufika pa $8.99, ndipo kumvera pa intaneti, kumene kunali kwaulere kwa olembetsa, anayamba kulipiritsa. Kumapeto kwa Julayi 2009 anawonjezera ndalama ina pa bilu, $1.98 pamwezi, yolipirira eni nyimbo, ndipo zimenezi lamulo la FCC lija linkazilola pakatha chaka. Olipira mwezi ndi mwezi zinawakhudza nthawi yomweyo. Olipiratu zinawapeza pokonzanso mgwirizano. Ndiye inde, kulipiratu kumakutetezani ku mtengo, kwa nyengo imene mwalipirayo basi. Ndalama ya eni nyimboyi inakula m'kupita kwa zaka mpaka kuposa 20 peresenti ya mtengo wa pulani, choncho pamene akukutchulirani mtengo pa foni muwafunse ngati aiwerengera kale, pamodzi ndi msonkho.

Chimene kulipiratu sikuteteza ndi chinthu chimene mumatsegulira wailesiyo. Pa 12 Novembala 2008, miyezi yosakwana inayi kuchokera pamene anaphatikizana, anasanganiza matchanelo a nyimbo. Pamene panali matchanelo awiri ofanana, limodzi linafa. Omvera XM anadzuka n'kupeza kuti Fred, Ethel ndi Lucy, matchanelo amene anawazolowera, kulibe, m'malo mwake muli a mbali ya Sirius. Oulutsa mawu ambiri anachotsedwa ntchito. Anthu anadandaula kwambiri mwakuti matchanelo ena, monga Backspin ndi The Strobe, anawabwezeretsa patangopita miyezi iwiri, koma ambiri anapita osabwerera. Ngakhale madalaivala a mathiraki anali ndi matchanelo awiri, Open Road ku XM ndi Road Dog ku Sirius, ndipo lero latsala ndi limodzi limene mumamveralo.

Taganizirani munthu amene mu 2007 analipiratu zaka zitatu chifukwa chokonda tchanelo limodzi la jazi. Tchanelo lapita, ndalama zili kwa eni wailesi. Akawerenga mgwirizano akupeza kuti kampani inadzisungira ufulu wosintha matchanelo nthawi iliyonse. Makampani onse otere amalemba choncho, ndipo sangachitire mwina, chifukwa BBC, eni ligi ya mpira ndi oulutsa otchuka ali ndi migwirizano yawo imene imatha pa nthawi yake. Inu mwatchula zinthu zitatu zimene mumamvera. Palibe ngakhale chimodzi mwa izo chimene risiti yanu idzalonjeze kuti chidzakhalapo mpaka tsiku lomaliza. Wolipira mwezi ndi mwezi ali ndi chida chimodzi champhamvu, kuchoka. Wolipiratu wapereka chidacho kwa mwini sitolo kuti amusungire.

Tsopano nkhani imene imandiwawa kwambiri, ya amene anagula chimene ankachitcha mgwirizano wa moyo wonse. Panali nthawi imene ankaugulitsa pa $499.99. Mukagawa ndi $12.95 mupeza kuti pakatha miyezi 39 ndalama zabwerera, zotsalazo n'zaulere mpaka kalekale. Zinkaoneka zokoma, makamaka m'masiku a mantha a kuphatikizana aja. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Moyo umene kampani inkanena sunali wa munthu wogulayo, unali wa wailesiyo. Wailesi ya m'manja inkaloledwa kusamutsa mgwirizano kupita ku ina katatu kokha, ulendo uliwonse $75, ndipo amene wailesi yawo inabwera yomangiriridwa m'galimoto ambiri anauzidwa kuti sizisamutsika. Mukagulitsa galimoto, moyo wonse uja wapita ndi wogulayo. Anthu anapita kukhoti onse pamodzi, ndipo nkhani inatha mu 2021 pogwirizana kuti azisamutsa kangati konse pa $35, ndi kuti amene migwirizano yawo inazimitsidwa aiyatsenso kapena alandire $100. Chilungamo chinabwera, koma ena anachidikira zaka zoposa khumi. Munthu wogwira ntchito ya pa msewu ngati inu alibe nthawi yolondola mlandu wa madola mazana asanu kwa zaka khumi.

Ndipo panatsala pang'onong'ono kuti zonse zithere m'madzi momwe mnzanu wokuopsezani uja akunenera. Kampani yatsopano ya Sirius XM inabadwa ndi olembetsa oposa 18 miliyoni komanso ngongole yoposa madola 3 biliyoni, pa nthawi imene mabanki a ku America ankagwa ndipo magalimoto atsopano, amene ndiwo ankabweretsa makasitomala, sankagulidwa. Pofika Febuluwale 2009 sheya imodzi inali pa masenti ochepa chabe, ngongole ya madola 175 miliyoni inali itafika tsiku lobweza, ndipo kampani inachenjeza poyera kuti ikhoza kupita kukhoti kukadzinenera kuti yalephera. A Charlie Ergen a kampani ya masetilaiti ya EchoStar anali atagula gawo la ngongoleyo n'cholinga chotenga kampani. Pa 17 Febuluwale ndi pamene Liberty Media inalowererapo ndi ngongole ya madola 530 miliyoni, posinthana ndi 40 peresenti ya kampani. Liberty imene mukuiopa leroyi inalowa pakhomo limeneli. Olipiratu anapulumuka chifukwa cha mgwirizano umene unasainidwa tsiku lomwe ngongole inkayenera kubwezedwa, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene akanadziwa mu 2007 kuti zidzatha choncho.

Anzawo a wailesi ina ya pa setilaiti sanapulumuke, ndipo imeneyi ena kwathu akuikumbukira. WorldSpace, imene anaiyambitsa a Noah Samara obadwira ku Ethiopia, inatumiza setilaiti ya AfriStar mu 1998 kuti iziulutsa mu Afirika monse, kenaka AsiaStar mu 2000. Mu Okutobala 2008 inakadzinenera kukhoti ku America kuti yalephera kubweza ngongole. Ku India, kumene inali ndi olembetsa ambiri, mawu anazima pa 31 Disembala 2009, ndipo amene analipiratu anauzidwa kuti ngati akufuna ndalama zawo akalembetse madandaulo ku khoti la ku America limene linkaweruza nkhaniyo. Munthu wa ku Bangalore akalondole ndalama za miyezi isanu ndi itatu ku khoti la ku Delaware!

Izi ndinazionapo pafupi, ngakhale zinali za kanema osati wailesi. Amalume anga anali ndi kamalo koonetsa mpira ku Lilongwe, mabenchi a matabwa, jenereta kuseri, bolodi yakuda pakhomo yolembapo masewera a tsikulo ndi choko. Analembetsa ku kampani ina yatsopano ya kanema wa pa setilaiti imene inkaonetsa mpira wa ku England motchipa. Ataona kuti anthu akudzaza, anagulitsa mbuzi ziwiri n'kulipiratu miyezi ingapo kuti mtima ukhale m'malo. Tsiku lina Loweruka anyamata atakhala kale pa mabenchi, ndalama za pakhomo atapereka, kanema anangoonetsa mdima. Amalume anakwera padenga kukagwedeza mbale ija poganiza kuti ndi mphepo yaipotoza. Mawa lake ndi pamene anamva kuti kampaniyo yatseka m'maiko onse usiku umodzi. Anabweza ndalama za anyamata aja m'modzim'modzi kuchokera m'thumba mwawo, koma zawo sizinabwere. Mbaleyo inakhala padenga mpaka inachita dzimbiri. Kuyambira pamenepo ndikamva mawu akuti lipiranitu, ndimafunsa kaye kuti ndalamazo zikagona kuti.

Zikagona m'thumba la kampani, ndipo inu mumasanduka wokongoza. Ambiri saliona choncho. M'mabuku a kampani ndalama zolipiratu zimalembedwa ngati ngongole imene kampani ili nayo kwa makasitomala, chifukwa sinawapatsebe chimene agula. Kusiyana kwanu ndi banki n'kwakuti banki imatenga chikole, inu mulibe. Kampani ikagwa ku America, oyamba kulandira ndi okhala ndi chikole, kenaka maloya ndi oyendetsa mlandu, kenaka antchito, ndipo makasitomala ali m'munsi. Lamulo limapatsa ogula amene anapereka ndalama asanalandire katundu kamwayi kotsogolako pa mzere, kamene mu 2024 kankafika pa $3,350 pa munthu, koma mwayi wa pa mzere umathandiza ngati m'nkhokwe mwatsala kanthu.

Kodi SiriusXM ya lero ili pafupi kugwa? Ayi, ndipo ndisakuopsezeni pachabe. Ili ndi olembetsa oposa 30 miliyoni, imapanga phindu, inagula Pandora, kampani yomvetsera nyimbo pa intaneti, mu 2019 pa madola 3.5 biliyoni. Ngongole ili nayo yaikulu, olembetsa sakuchulukanso monga kale chifukwa achinyamata amamvera pa foni, koma si kampani ya Febuluwale 2009 ija. Kwa chaka chimodzi ine sindingade nkhawa kuti izima. Kwa zaka zitatu kapena zisanu palibe katswiri woona mtima amene angakulonjezeni za kampani iliyonse ya zoulutsa mawu.

Tiwerengere tsopano, chifukwa ndalama zimafuna pensulo. Tiyerekeze kuti akuti mulipire miyezi 11 mulandire 12. Pa maso ndi kuchotsera kwa 8 peresenti. Koma popeza ndalama zimene mukanapereka pang'onopang'ono mwazipereka kamodzi, ndipo zina mwa izo zikanachoka m'manja mwanu m'miyezi yoyambirira yomweyo, phindu lake likafanizidwa ndi chiwongoladzanja limafika pafupifupi 20 peresenti pachaka. Palibe akaunti yosungira ndalama ku banki imene ingakupatseni chotere, ngakhale mu 2024 pamene ena ankapereka 4 kapena 5 peresenti. Choncho ngati ndalamazo zangokhala, kulipiratu chaka n'kwanzeru ndithu. Koma mukazitenga pa khadi ya ngongole n'kumabweza pang'onopang'ono, makhadi ambiri pano akudula kuposa 20 peresenti, ndiye phindu lonse mwalipereka ku banki ndipo mwatsala ndi chiopsezo chokha. Ndipo ngati kulipiratuko kukuchepetsa ndalama yotumiza kumudzi mwezi uno, kapena kukusiyani opanda kanthu tayala likaphulika ku Nebraska, musiyeni. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pali chinanso chimene wa pa foni uja sanakuuzeni. Pa kampani imeneyi mtengo wolembedwa ndi poyambira kukambirana chabe. Wailesi yanu ikamalandira mawu, kampani siiwononga ndalama zambiri zowonjezera, chifukwa setilaiti ikuulutsa kale kaya mumvere kaya musamvere. N'chifukwa chake munthu akaimba kuti akufuna kusiya amamutsitsira mtengo kwambiri, nthawi zambiri kuposa kuchotsera kumene amapereka kwa olipiratu. Madalaivala anzanu amene akhala nayo zaka zambiri akudziwa zimenezi, afunseni pamalo omwera mafuta. Mukalipiratu zaka ziwiri pa mtengo wolembedwa wochotsera pang'ono, mwadzimana mwayi wokambirana kawiri.

Mbali ina ya nkhani yomweyi ndi yowawa. Mu Disembala 2023 loya wamkulu wa boma la New York, mayi Letitia James, anasumira SiriusXM kuti imavutitsa anthu ofuna kusiya, kuwadikiritsa ndi kuwanyengerera mobwerezabwereza asanawalole, ena mpaka theka la ola pokambirana pa intaneti. Kampani inaukana mlanduwu. Ine ndikutchula kuti mudziwe kuti tsiku losiya lifuna nthawi ndi kuuma mtima, ndipo silichitika bwino muli pa chiwongolero mukuthamangira kukatsitsa katundu. Nyengo yotsika mtengo ikatha, mgwirizano umadzikonza wokha pa mtengo wonse wa nthawi imeneyo, n'kudula pa khadi imene munasiya. Anthu ambiri amene amandilembera saluza chifukwa kampani yagwa. Amaluza chifukwa anaiwala tsiku, n'kudzazindikira patapita miyezi itatu akuona sitetimenti ya ku banki. Mukalipiratu nthawi yaitali ndi pamene kuiwalako kumaphweka, chifukwa bilu simuionanso mwezi ndi mwezi.

Ndiye pali nkhani ya thiraki yeniyeniyo, imene kwa inu ndikuiona yaikulu kuposa Liberty. Mgwirizano umamangiriridwa ku nambala ya wailesi, imene amaitcha Radio ID, osati ku dzina lanu lokha. Simunanene ngati thirakiyo ndi yanu kapena ya abwana. Ngati ndi ya kampani ndipo wailesiyo ndi yomangiriridwa pa dashibodi, mukudziwa nokha mmene zimakhalira: lero muli mu iyi, mwezi wamawa yalowa m'galaja akupatsani ina, chaka chamawa mwapeza ntchito yolipira bwino kwina. Ulendo uliwonse mudzayenera kuimba kuti asamutse mgwirizano, mwina ndi kulipira kandalama kosamutsira, ndipo thiraki yatsopanoyo ikhoza kukhala yopanda wailesi yotere. Ngati zili choncho gulani kawailesi kochotseka kokhala ndi mlongoti wake, kamene mumakanyamula m'chikwama posintha galimoto, ndipo mgwirizano ukhale pa iko. Mukatero ndiye kulipiratu chaka kuli ndi maziko.

Sindikukuuzani kuti musiye wailesiyi. Anthu okhala m'tauni amati bwanji osangomvera pa foni, koma iwo sanadutsepo Wyoming usiku pa msewu wa I-80 pamene netiweki imasowa mtunda wautali ndipo mawayilesi a FM amangolira phokoso. Mawu ochokera ku setilaiti amakufikani kulikonse kumene thambo likuoneka, ndipo m'mizinda ikuluikulu muli timasiteshoni ta pansi tothandizira pamene nyumba zitalizitali zatchinga. Kwa munthu amene amakhala yekha m'kabini maola 11 pa tsiku, kumva nkhani za ku Afirika pa BBC m'bandakucha si chinthu chapamwamba chongosangalatsa, chimamuthandiza kukhala maso ndi kukhala munthu. Ndalama imeneyi ndi yoyenera kuipereka. Nkhani yangokhala pa kaperekedwe.

Mukamaimbanso, chitani muli poima, injini itazima, pepala ndi cholembera zili pa ntchafu. Yambani n'kunena kuti nyengo yanu ikutha ndipo mukuganiza zosiya, mumve mtengo umene atchule. Musavomere woyamba. Akatchula umene mwakhutira nawo, afunseni ndalama yonse imene idulidwe pa khadi, ya eni nyimbo ndi msonkho zili momwemo. Afunseni tsiku lenileni limene nyengoyo idzathe ndi mtengo umene udzayambe tsiku lotsatira. Kenaka funso limene ambiri amaliiwala: ndikasiya pakatha miyezi inayi, ndalama za miyezi isanu ndi itatu yotsalayo mudzandibwezera pa khadi, mudzazisunga ngati ngongole ya pa akaunti, kapena zapita? Pali chindapusa chosiyira msanga? Mapulani amasiyana pa zimenezi ndipo malamulo a kampani amasintha, choncho mawu a pakamwa a wa pa foni sakukwanira. Apempheni akutumizireni imelo yotsimikiza, ndipo muiwerenge foni isanadulidwe ngati n'kotheka. Akakana kulemba za kubweza ndalama, lipirani mwezi ndi mwezi kapena miyezi isanu ndi umodzi, musapitirire apo.

Polipira gwiritsani ntchito khadi ya ngongole m'malo mwa khadi yodula mwachindunji ku akaunti yanu, kenaka mubweze yonse mwezi womwewo kuti chiwongoladzanja chisakugwireni. Chifukwa chake n'chakuti lamulo la ku America la 1974 lokhudza mabilu a makhadi a ngongole limakupatsani masiku 60 kuchokera pamene sitetimenti yatuluka kuti mutsutse ndalama yodulidwa molakwika kapena ya chinthu chimene simunalandire, ndipo pamene akufufuza ndalama ya lendi ndi ya chakudya imakhala ili m'akaunti mwanu osakhudzidwa. Onaninso kuti masiku 60 ndi ochepa poyerekeza ndi zaka zitatu. Chitetezo chimenechi chimagwira bwino pa malipiro aafupi, chimafooka pa aatali.

Za Liberty ingoyang'anirani chinthu chimodzi: imelo iliyonse yonena kuti mgwirizano wa makasitomala wasintha. Makampani akasintha kakhalidwe ka umwini amakonda kukonzanso mapepala awo, ndipo imelo yotere musaifufute osawerenga. Muone ndime ya kubweza ndalama ndi ya kukonzanso mgwirizano, zinazo mukhoza kudumpha.

Mukamaliza kulipira, tsegulani kalendala ya pa foni nthawi yomweyo, thiraki isananyamuke. Ikani chikumbutso masabata awiri tsiku lothera lisanafike, china masiku atatu lisanafike, ndipo m'chikumbutsomo mulembemo Radio ID yanu, mtengo umene mwalipira chaka chino ndi nambala yoimbira. Auzeninso akunyumba tsikulo, kuti likadzakupezani muli pakati pa Utah wina adzakukumbutseni.